Tsiku Limene Ababa Anapita Kukafunsa Kompyuta

Ndinayamba ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nditangomaliza Fomu 4. Kwathu ndi ku Malindi, koma ntchitoyo inali tsidya lina la nyanja, pa kaofesi kena ka zofufuzafufuza kamene kanali pafupi ndi msewu wopita ku Monkey Bay. Anandilemba chifukwa masamu ndinakhoza bwino, komanso ndinali nditaphunzirako taipi kwa mayi wina wa pa mishoni. Ndinkaganiza kuti ndizikalemba makalata. Nditafika anandilowetsa m'chipinda chotseka mawindo onse, n'kundionetsa kompyuta. Chibadwire ndinali ndisanaionepo.

Abwana athu anali Mmalawi mnzathu, a kumpoto, aatali, osalankhulalankhula. Anakaphunzira kunja za kayendedwe ka madzi m'nyanja zikuluzikulu zamchere. Pobwerera anatenga pulogalamu imene anzawo kumeneko ankayerekezera mmene madzi apansi penipeni amayendera, ndi mmene amanyamulira kutentha kuchoka dera lina kupita dera lina. Iwo anaisintha apa ndi apo kuti igwirizane ndi nyanja yathu.

Anandifotokozera kuti makinawo nyanja saiona monga timaionera ife. Amaidula m'timabokosi tosanjikizana ngati njerwa, tina pamwamba, tina pansi. M'kabokosi kalikonse muli nambala imodzi ya kutentha kwa madzi, ndi kamuvi koloza kumene madziwo akulowera. Ukawauza mphepo ndi dzuwa la lero, amawerengetsa okha za mawa, za mawazo n'kuwerengetsera za mkuja, choncho mpaka chaka kutha.

Ntchito yanga inali kulowetsa manambala. Tinali ndi boti la injini limene linkapita pakati pa nyanja mafuta akapezeka. Amuna a m'botimo ankatsitsa chida pa waya mpaka pansi, n'kumalemba kutentha kwa madzi pa kuya kosiyanasiyana. Akabwera, ine ndinkalowetsa manambalawo, kenako tinkaika pambali zimene makina ananeneratu ndi zimene boti lapeza. Nthawi zina zinkafanana mpaka kundidabwitsa. Nthawi zina zinkasemphana kwambiri, makamaka za madzi apansi. Zikasemphana abwana sankakwiya. Ankakoka mpando, n'kukhala nthawi yaitali akuyang'ana pepalalo, dzanja lili pachibwano. Ankati nyanja ndi yaikulu, ife taiyeza malo ochepa ngati munthu wolawa ndiwo ndi nsonga ya chala.

Mwana aliyense wa m'mbali mwa nyanja amadziwa kuti nthawi ya mwera madzi amazizira. Ndinkayesa kuti imawaziziritsa ndi mphepo basi. Pa ntchito paja m'pamene ndinaphunzira kuti mwera umakankhira madzi ofunda apamwamba kumpoto, ndipo m'malo mwake madzi ozizirira apansi amabwerera cha kum'mwera kwathu kuno, n'kumakwera pang'onopang'ono. Ndiye kuti nyanja imayenda mbali ziwiri nthawi imodzi, pamwamba kwina, pansi kwina. Ndikakwera basi yopita kwathu ndinkayang'ana madzi ndi maso ena.

Chaka changa chachiwiri kunabwera mlendo wamkulu wa boma kudzaona ntchito yathu. Masiku amenewo mlendo wotere akamabwera, amayi tonse tinkavala nsalu ya chipani n'kukaima pamsewu kuimba ndi kuvina, kaya ndiwe wa mu ofesi kaya wogulitsa nsomba. Nditavina ndinathamangira m'chipinda muja kukayatsa makina, thukuta lili kamukamu. Mlendoyo anayang'ana timizere tobiriwira pa galasi, n'kufunsa ngati makinawo akuidziwa nyanja yonse. Abwana anayankha mosamala kuti akuphunzirabe. Koma polankhula pagulu, mkuluyo anati chifukwa cha utsogoleri wanzeru, dziko lino tsopano lili ndi makina odziwa kumene dontho lililonse la m'nyanja likupita. Anthu anaomba m'manja, ifenso tinaomba. Madzulo ake mawu omwewo anamveka pa wailesi. Panalibe amene akanapita kukawongola zimene munthu wamkulu wanena, ndipo abwana, pokhala a kumpoto m'zaka zimene anzawo ambiri ankachotsedwa pa ntchito, anali ndi chifukwa chinanso chokhalira chete.

Ku Malindi anthu anamva. Ababa anali kalipentala wa pa mishoni, wokhoma mabenchi a m'tchalitchi, zitseko, mabokosi a maliro, ndi kukonza maboti a matabwa. Anali munthu wokhulupirira muyezo. Rula yawo yopindika sinkachoka m'thumba la malaya, ngakhale tsiku la Mulungu. Nditapita kwathu anandifunsa za makinawo pamaso pa anzawo, ine n'kuyankha mwachidule, monyadira ndithu. Achimwene anga, oyamba kubadwa m'mimba mwa amayi, ankangoseka. Iwo sukulu analekera panjira n'kutsata nyanja. Anali ndi bwato lawo ndi maukonde a matchela, ndipo ankapha nsomba ndi mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo. Akaziwo anali Asilamu a cha ku Chowe, ndipo ukwati wawo poyamba unavuta mbali zonse, koma anthu anadzazolowera ataona kuti pakhomopo pali mtendere. Achimwene ankakonda kundinyogodola kuti ndikawafunsire kwa makina anga kumene kwagona chambo, chifukwa iwo atopa ndi kambuzi.

Ngozi inachitika m'nyengo yozizira. M'mawa wina achimwene ndi mlamu wawo anapita kukawonjola matchela pakati pa Malindi ndi chilumba cha Boadzulu. Pochoka nyanja inali bata. Mwera unawapeza ukonde uli m'manja, bwato litalemera ndi madzi, ndipo funde lina linaligudubuza. Mlamu wawoyo anakangamira bwato. Anawaona achimwene akusambira kubwera komwe kunali iye, kenako sanawaonenso. Iye mphepo inamutenga pamodzi ndi bwatolo kulowera kumpoto, mpaka boti lina la asodzi linamutola chakumasana, manja atachita dzanzi.

Uthenga unandipeza pa ntchito tsiku lotsatira. Nditafika kwathu ndinapeza anthu atasonkhana ngati pamaliro, koma maliro palibe. Amayi a m'tchalitchi ankayamba nyimbo n'kuilekera panjira, posadziwa ngati n'koyenera kuimba nyimbo zotsanzikana ndi munthu amene sanaoneke. Alamu anga, akazi a achimwene, anakhala pakona ya nyumba, mwana wakhanda ali pamwendo, osalira. Anyamata onse okhala ndi mabwato anali atapita kukafufuza. Analowera kumpoto, kutsata kumene bwato linapita, ndipo panalibe wowatsutsa. Ankabwera madzulo opanda kanthu, n'kudzukanso.

Patapita masiku angapo, ababa anandiitanira kuseri kwa shedi yawo yopaliramo matabwa. Pamenepo anali ataimika matabwa abwino a mlombwa amene ankasunga kwa zaka. Sananene kuti ndi a chiyani, koma ndinadziwa. Anandiuza kuti mawa tidzuke, tipite kuntchito kwanga, akufuna kukafunsa makina aja.

Ndinayesa kuwafotokozera kuti makinawo si a zimenezo. Mawu anga anatuluka ofooka, chifukwa nanenso mumtima ndinali nditaganizako zomwezo. Ndinkakumbukira madzi apansi obwerera kum'mwera aja. Munthu womira sakhala pamwamba ngati bwato. Amayamba wapita pansi.

Tinanyamuka m'mawa. Ababa anavala jekete la kutchalitchi, n'kuika khadi la chipani m'thumba limodzi ndi rula, poti pa depoti ya basi pa boma anyamata a malaya ofiira sankalola munthu kukwera wopanda khadi. Tinadutsa pa mlatho wa Shire. Tinafika ku ofesi dzuwa litakwera kale.

Abwana anawalandira bwino, anawapatsa mpando, n'kumva nkhani yonse osawadula. Kenako anadzuka n'kutseka chitseko. Anatsitsa mawu n'kuwauza kuti zimene zinamveka pa wailesi zija sanali mawu awo. Anati pulogalamuyo inalembedwa kuti izitsata kutentha kwa madzi kwa miyezi ndi zaka, osati kufunafuna munthu mmodzi. Anati kabokosi kamodzi ka m'makinamo n'kakakulu kuposa Malindi yense ndi midzi yake, ndipo mphepo imene timalemba ndi ya tsidya lino, ya tsidya la kwathu sitinaiyezepo. Ndinali ndisanawamvepo akulankhula nthawi yaitali choncho m'Chichewa.

Ababa anamvetsera, chipewa chili pamaondo. Atatha anati, “Ndamva, bambo. Koma anyamata apalasa mpaka kuyandikira ku Makanjira osapeza kanthu, ine ndikungokhala pakhomo ngati mlendo. Mundiuze zimene makinawo akuganiza. Akalakwa, ndisenza ndine.”

Abwana anandiuza kuti nditenge mabuku a mphepo ya masiku apitawo.

Ntchitoyo inatitengera tsiku lonse. Abwana analemba mizere yowonjezera kuti makinawo aponye timadontho tambiri pansi pa nyanja, cha pamalo pamene mlamu wa achimwene uja ananena kuti bwato linagudubuzika, n'kutitsata kumene madzi angatitengere. Anatimwaza pang'ono, poti ngakhale malowo sitinkawadziwa bwinobwino. Ine ndinalowetsa manambala a mphepo, n'kuwawerenganso mobwereza. Kenako panalibe china chochita koma kudikira. Makina a masiku amenewo ankachedwa, ankangong'ung'udza m'kati mwake, kanyali kakang'ono kakuphethira.

Ababa anakana kutuluka panja. Anakhala moyang'anizana ndi makinawo monga munthu amakhalira pa benchi ya kuchipatala. Nditawabweretsera tiyi anamwa. Pena anagwedeza tebulo limene panali kompyutayo, anawerama kuyang'ana kunsi kwake, n'kunena kuti amene analikhoma anafulumira, miyendo yake siidzakhalitsa. Abwana anavomereza kuti limagwederadi. Masana magetsi anazima, tinathamangira kukayatsa jenereta, ndipo mbali ina ya ntchito tinaiyambanso.

Dzuwa litapendeka pepala linatuluka. Abwana analiyala pa mapu a nyanja. Timadontho tija sitinapite kumpoto. Tinatsika pang'onopang'ono kum'mwera, kenako tambiri tinakhotera kumadzulo, n'kuunjikana m'mbali mwa gombe la tsidya lomwe tinalilo, kuyambira cha ku Nkopola kutsikira ku Namiasi. Towerengeka chabe tinatsalira tsidya la kum'mawa.

Abwana anati zoti ndi kum'mwera akuzikhulupirirako, chifukwa zikugwirizana ndi zimene boti lakhala likupeza nthawi ya mwera. Koma zoti ndi tsidya liti, anati sakudziwa. Anaika chala pa timadontho tochepa ta kum'mawa tija, n'kuwauza ababa kuti asatinyoze. Anawonjezera kuti popeza madzi apansi ndi ozizirirapo nyengo imeneyo, thupi likhoza kuchedwa kuyandama kusiyana ndi mmene anthu azolowerera, choncho asataye mtima msanga.

Ababa anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Anatulutsa rula yawo n'kuyeza pa mapupo kutalika kwa gombe limene panali timadontho tambiri. Anati tsidya la kwathu kuli anthu ambiri odziwa nkhaniyi, koma tsidya lino palibe amene akuyang'ana. Anatumiza uthenga kunyumba ndi dalaivala wina wopita ku boma, wonena kuti anyamata ena ayang'anekonso kum'mwera kwa Malindi, ndipo iwo atsala kuno. Ndinadzamva pambuyo pake kuti uthengawo unafika, koma anyamata anali atatopa, mabwato ambiri atabwerera ku ntchito zawo, ndipo zoti munthu angapite molimbana ndi mphepo sizinawalowe m'mutu. Sindiwaimba mlandu. Chaka chimodzi m'mbuyomo nanenso sindikanazimvetsa.

Abwana anandipatsa tchuthi. Boti lathu linalibe mafuta, ndipo kulitulutsa popanda chilolezo cha akuluakulu sikukanatheka. M'mawa mwake anatitenga pa galimoto yawo n'kukatisiya pa doko loyamba.

Tinayenda wapansi, doko ndi doko. Paliponse ababa ankayamba apereka moni kwa akuluakulu osoka maukonde, kenako n'kufotokoza kuti ndi ndani, achokera kuti, mwana wawo anavala chiyani. Za kompyuta sankazitchula. Asodzi ankamvetsera, ena n'kupukusa mitu kuti ndi mwera umenewu munthu wa ku Malindi sangafike kuno, ena n'kunena kuti mweza, kayendedwe ka madzi apansi, ngwachinyengo, maukonde awo omwe nthawi zina amawapeza atakokedwa kumene sakuyembekeza. Onse ankalonjeza kuti ayang'ana. Ena ankatitenga pa bwato kutizungulitsa m'mabango momwe sitikanafika ndi miyendo. Tinkagona kwa anthu amene sitinawadziwepo. Pa mudzi wina bambo wina wachisilamu anatisunga, akazi ake anandibwereka nsalu yosinthira, ndipo m'mawa atachoka ku mzikiti anatiuza kuti atipempherera.

M'masiku amenewo ndinawadziwa ababa kuposa zaka zonse za m'mbuyo. Kunyumba anali munthu wa malamulo, wosacheza ndi ana aakazi. Pa mchenga paja ankalankhula okha, ine n'kumangomva. Anandiuza kuti achimwene ali aang'ono anayesetsa kuwaphunzitsa ukalipentala, koma mwanayo ankangoyang'ana kunyanja, thabwa n'kulipala mopendama. Anati tsiku lina anawamenya chifukwa cha zimenezo, ndipo mawa lake anawapeza atasema kabwato kakang'ono kosalala bwino kuposa chilichonse chimene anawaphunzitsa. Anaseka pang'ono ponena zimenezo. Kenako anaima n'kuloza chinthu chakuda chimene chinkayandama patali. Tinadikira mpaka chinayandikira. Chinali chitsa cha mgwalangwa.

Mphepo inali isanaleke. Milomo inatisweka, ndipo miyendo ya ababa inayamba kutupa m'nsapato za kutchalitchi zija, mpaka anazivula n'kuzimangirira pakhosi. Ndinawapempha kuti tibwerere. Anati timalize gombe limene anayeza lija, tikafike pamene Shire amatulukira, ndiye tipite kwathu.

Tisanafike kumeneko, mnyamata wina wa kwathu anatipeza pa njinga. Anali atayamba kutifuna dzulo lake. Anapita kaye ku ofesi kwanga, kumeneko n'kumulozera doko limene abwana anatisiya, ndiye anakhala akufunsa mudzi ndi mudzi. Atatsika pa njingayo anagwada, n'kunena kuti achimwene anapezeka. Anawapeza amuna ena odula bango, tsidya la kwathu, kum'mwera kwa Malindi, malo amene amayi ankadutsa popita ku dimba. Thupi linali loti silikanadikira. Ansembe ndi akuluakulu a mbali zonse ziwiri anagwirizana, ndipo anawaika m'manda tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.

Ababa anafunsa funso limodzi lokha, loti bokosi anakhoma ndani. Mnyamatayo anatchula mnzawo wina wa ukalipentala, n'kunena kuti anatenga matabwa amene anali kuseri kwa shedi. Ababa anagwedeza mutu. Anakhala pansi pa mchenga n'kuyamba kuvala nsapato, koma sizinalowe.

Tinafika kwathu anthu ambiri atabalalika kale. Mlamu uja anatiperekeza kumanda. Anatiuza kuti dzenje anakumba pamodzi, a kutchalitchi ndi a kumzikiti, ndipo iye ndi amene anatsikira m'manda kukalandira bokosi m'malo mwa ababa. Ponena zimenezo analira, ababa n'kumugwira paphewa. Amayi atationa sanadzuke pa mphasa. Anayang'ana ababa n'kunena kuti, “Mwana anali pakhomo pompano, inu muli kutsidya.” Ine sanandinene chilichonse, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake, koma kuyambira pamenepo sanandifunsenso za kuntchito kwanga mpaka kumwalira kwawo.

Kumapeto kwa sabata abwana anabwera kudzapepesa. Anayenda ulendo wonse wozungulira pa boma, n'kukhala pansi ndi amuna ena panja. Atatsala awiri ndi ababa, ine ndikuwapatsa madzi osamba m'manja, anayamba kunena kuti akanadziwa sakanatulutsa pepala lija. Ababa anawadula mwaulemu. Anawafunsa kuti timadontho tochepa ta kum'mawa tija tinagwera pati kwenikweni. Abwana anati kum'mwera ndithu kwa malo amene achimwene anapezeka, mtunda woti munthu n'kuyenda mpaka kutopa. Ababa anafunsanso chifukwa chake makinawo tsidya lino salidziwa bwino. Abwana anafotokoza kuti boti likapeza mafuta limayenda mzere umodzi wa pakati pa nyanja n'kubwerera, chifukwa kuwolokera kuno n'kutali ndipo alibe malo odziwika okocheza.

“Malo okocheza alipo,” anatero ababa. “Mubwere mwera usanathe.”

Sindikudziwa kuti abwana analemba zotani kwa akuluakulu awo, koma mwezi wa Ogasiti boti linawoloka. Ine ndinali m'momo, wolemba manambala. Titakocheza pa Malindi tinapeza ababa ali pa gombe, atavala malaya a ntchito. Anapempha kukwera, ndipo palibe anawakaniza.

Tinayeza kuyambira pafupi ndi gombe kulowera pakati, malo ndi malo. Kuwonjezera pa chida cha kutentha, tinatsitsanso china chokhala ndi kachipupa kozungulira, chosonyeza kumene madzi akulowera ndi liwiro lake. Chapafupi ndi gombe la kum'mawa, pansi, tinapeza madzi akutsika kum'mwera mwamphamvu kuposa pakati, m'kanjira kopapatiza kotsata gombelo. Ukangosuntha pang'ono kulowera pakati, kanjirako kankatha. Abwana anati n'kopapatiza kuposa kabokosi kamodzi ka m'makina, n'chifukwa chake makinawo sakanakaona ngakhale titawauza mphepo yolondola. Anati anzawo a kunyanja zamchere amadandaula zomwezo, kuti madzi ambiri ndi kutentha kwambiri zimadutsa m'tinjira totere m'mbali mwa mtunda, ndipo kuti uike tinjirato m'makina umayamba wapita kukatiyeza. Ankalankhula mofulumira, maso akuwala, kenako anakumbukira amene ali nawo m'botimo, n'kulekera pomwepo.

Ababa sanaoneke okhumudwa nazo. Ankayang'anitsitsa waya ukutsika ndi kukwera. Tinali ndi botolo lachitsulo limene linkatsekeka lokha pansi n'kubwera ndi madzi a kumeneko. Titafika cha pamalo pamene bwato linagudubuzika, anapempha kuti tiwatungire madzi apansi penipeni. Mmodzi wa amuna a m'botimo anatsitsa botololo, analikweza, n'kutsanulira madziwo m'chidebe. Ababa anapinda mkono wa malaya n'kuviikamo dzanja mpaka pa mfundo. Analisiya momwemo kanthawi. Kenako anaweramira kunja kwa boti n'kukhudza madzi apamwamba ndi dzanja linalo.

“Si ozizira kwambiri ayi,” anatero. “Ndinkaganiza kuti kumazizira koopsa.”

Abwana anavomereza kuti kusiyana kwake n'kochepa ndithu, nyanja yathu ngakhale pansi pake ndi yofundirako. Ababa anapukuta dzanja pa buluku, n'kukakhala kutsogolo kwa boti mpaka tinabwerera ku gombe.

Miyezi yotsatira abwana anadula timabokosi ta kum'mwera kwa nyanja kukhala ting'onoting'ono, n'kulowetsa manambala atsopano aja. Makina anayamba kuchedwa kwambiri, ntchito ya tsiku limodzi n'kumatenga masiku, magetsi akazima n'kuyambiranso. Potsiriza anaponyanso timadontho tija pamalo omwe aja, ndi mphepo ya masiku omwe aja. Ulendo uno tambiri tinatsata gombe la kum'mawa. Ine ndinasangalala, kapena ndinene kuti mtima unapepuka. Iwo anandichenjeza kuti ndisafulumire. Anati yankho ukalidziwa kale, n'kosavuta kuwakonza makina mpaka alinene. Ngati akhozadi, tidzaona akadzaneneratu chinthu chimene sitinachiyeze, ife n'kukachipeza chili momwemo.

Mwayi woyesa zimenezo mokwanira sitinaupeze. Thandizo la ntchitoyo linaima m'nyengo imene dziko linayamba kutekeseka ndi nkhani za zipani zambiri. Boti linakhala pa doko mpaka kuchita dzimbiri. Abwana anapita kunja kukapitiriza za nyanja zamchere zija, ndipo tinalemberana kangapo kenako tinatayana. Ine ndinapita ku koleji ya aphunzitsi, n'kuphunzitsa masamu m'masukulu a m'boma la Mangochi mpaka kupuma. Masiku ano ndikamva pa wailesi kuti makompyuta aonetsa kuti nyanja zikuluzikulu zikutentha mpaka pansi, kapena kuti madzi ake asintha mayendedwe, sinditsutsa. Ndinaona ndi maso anga makina otere akuloza kum'mwera pamene tonse tinkaloza kumpoto. Ndimangofuna nditadziwa kuti ndi gombe liti limene boti lawo silinafikeko.

Ababa ndinawauza za pepala lachiwiri lija pa Khirisimasi ya chaka chomwecho. Ndinawapeza m'shedi akupala thabwa la chitseko cha nyumba imene ankamangira alamu ndi ana, poti alamuwo anasankha kukhalabe ku Malindi osabwerera ku Chowe. Ndinawauza kuti tsopano makina akuloza tsidya lathu. Anaima, anapukuta thukuta, n'kufunsa ngati ndiye kuti wina akadzamira adzatha kumuuza zoona. Ndinati mwina, koma sindingalonjeze. Anati chabwino, apitirize kuyeza. Kenako anandipempha kuti ndigwire kumapeto kwa thabwalo, chifukwa linkasuntha.